Lolemba la Ticha Enelesi Linali Lofiira

Mukafika ku Torwood, komboni yakale ya antchito a fakitale ya zitsulo ku Redcliff, kuno kudziko la Ashona, funsani aliyense za Ticha Enelesi. Akuuzani chinthu chimodzi choyamba: mayi ameneyo ankavala mtundu umodzi wokha patsiku, kuyambira duku mpaka nsapato. Lolemba ankatuluka m'nyumba ali psuu ngati tomato wakupsa, duku lofiira, diresi lofiira, masokosi ofiira, nsapato za matenesi atazipaka polishi wofiira wa pakhonde. Lachiwiri unkawaonera patali ali chikasu chokhachokha, agalu n'kumawauwa ngati mlendo. Ngakhale oledzera, amene masiku ankawasokonekera, ankangosuzumira mumsewu kuti adziwe kuti lero n'lachingati.

Sikuti inali misala. A Enelesi anali ndi kreshi, imene kumudzi amati sukulu ya mkaka, m'holo ya tchalitchi chathu, ndipo ankaphunzitsa mitundu ya zinthu kwa tiana ta zaka zitatu ndi zinayi. Tchati cha pakhoma ankadana nacho.

"Mwana wa zaka zitatu sayang'ana khoma," ankatero. "Amayang'ana amene wanyamula phala. Ndiye tchaticho ndikhale ineyo."

M'mawa ankaima pakhomo la holoyo manja m'chiuno, ndipo mwana sankalowa asanatchule mtundu wa tsikulo katatu: m'Chingelezi, m'Chishona, ndi m'Chichewa. Unkamva timawu tikutsatana ngati anapiye: "Redi, tsvuku, chofiira." Ana a Ashona nawonso ankatchula Chichewacho, ndipo ena ankachikhoza kuposa athu. Tsiku lina bambo wina wa kwathu konkuno, Arnold, amene makolo ake anachokera ku Ntcheu, anadandaula.

"Ticha, Chichewa ichi mwana adzadya nacho chiyani? Ingomupatsani Chirungu, Chingelezi basi."

"Agogo ake ali moyo?"

"Alipo, koma akudwala."

"Munthu akamadwala kwambiri amabwerera ku chilankhulo cha amake. Akadzapempha bulangete lakuda lija, mwanayu adzawapatsa liti?"

Arnold anangokanda m'mutu n'kumapita.

Ine ndine Imelda. Ndimakwera basi kupita ku Lilongwe kukatenga mpunga ndi zitenje zodzagulitsa kuno, ndipo nsalu zambiri za Ticha ndinkabwera nazo ndine. Ulendo wina ndinati ndiwasangalatse, ndinawapatsa chitenje chokongola cha maluwa ndi mbalame. Anachitambasula, nachiyang'ana ngati kuti chikununkha.

"Imelda, ukufuna ana anga apenge? Ndikafunsa kuti ndavala mtundu wanji ayankha kuti chiyani, kuti nkhanga?"

Anachiyala patebulo la kunyumba.

Amene anavutika kwambiri ndi ntchito imeneyi ndi amuna awo, a Sixpence, munthu wofatsa amene anagwira ntchito pa ng'anjo mpaka fakitale itazima. Mlungu umene Ticha anaganiza zoyamba kuphunzitsa pepo, anawiritsa utoto mumphika wa madzi osamba, naviikamo diresi lakale. Utoto utatsala anaona kuti n'kulakwa kuutaya, ndiye anaponyamonso malaya oyera a amuna awo, ovala ku tchalitchi aja.

"Amake mwana, malaya anga mwawaona?"

"Ali pachingwe."

"Pachingwe pali apepo."

"Ndi omwewo. Valani, tikuchedwa ku sukulu."

A Sixpence anakhala pampando waung'ono kutsogolo kwa kalasi m'mawa wonse, mawondo ali kukhosi, tiana tikuwagwira malaya ndi manja a phala n'kumatchula mtunduwo. Pobwerera anatiuza kuti ng'anjo inali yabwino, chifukwa siinkakukodzera pamwendo.

Chaka china cha zisankho zinthu zinaopsa. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno: nyengo imeneyo mtundu wa chovala umalankhula, ndipo munthu akhoza kumenyedwa chifukwa cha sikipa. Tonse tinawachonderera kuti ayambe apuma, avale za bulauni mpaka mavoti atatha. Anakana. M'mawa wina anyamata anayi anawatsekera njira pafupi ndi mashopu, ife ogulitsa tikuona, mitima ili m'mwamba.

"Mhamha, muri vechipani chipi?" anafunsa wamkulu wawo m'Chishona, kufuna kudziwa chipani chawo.

"Cha ana osadziwa kumanga zingwe za nsapato. Ubwere mawa udzandipeza ndasintha, mkuja ndasinthanso." Kenako anamuyang'anitsitsa. "Si ndiwe Redson iwe? Amene unkadya makirayoni?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Ndavala mtundu wanji? Katatu."

Ndipo chimunthu chandevu chija chinatchula, katatu, motsitsa mawu ngati chikupemphera. Anzake anapatuka, Ticha n'kudutsa. Koma atafika pa tebulo langa anapempha madzi akumwa, namwa kapu yonse osapumira.

Mtundu umodzi wokha unkawapatsa chisoni: olenji. Ankati kale sunkavuta kuphunzitsa, chifukwa fakitale ikamataya zotsalira za chitsulo chosungunuka, thambo lonse linkayaka mtundu umenewo, ndipo mwana aliyense ankaudziwa asanaphunzire kulankhula. Ana obadwa fakitale itatseka sanalionepo thambo limenelo. Ambiri a iwo makolo awo anali ku Joni kapena kumigodi ya golide, iwo atatsala ndi agogo. Ticha ankabwera ndi lalanje limodzi, ana n'kulitchula, kenako n'kuligawa tizidutswa kuti aliyense alawe.

Matenda a shuga ndi amene anawadya maso. Tinazindikira Lachiwiri lina atabwera ndi duku lobiriwira pamwamba pa diresi lachikasu. Kamtsikana kena, Paidamoyo, kanaima pakhomo osatchula kanthu.

"Ticha, kumutu mwalakwitsa."

"Ndimakuyesa iwe. Wakhoza, lowa."

Anthu anaseka, kuganiza kuti ndi nzeru yatsopano. Koma kuyambira mlungu umenewo a Sixpence ndi amene ankawasankhira zovala m'mawa, n'kuwaperekeza atawagwira pamkono. Ankakhala kumbuyo kwa kalasi, osakakamizidwanso tsopano, ndipo mwana akayankha molakwa ankatsokomola kuti akazi awo adziwe. Anapitiriza chomwecho pafupifupi chaka.

Kenako a Sixpence anagwidwa chifuwa chenicheni. Anatsokomola m'mawa wonse, ndipo Ticha anakanira ana amene anakhoza, mpaka kamnyamata kena kanalira katanyamula mpira wofiira, kakulumbira kuti ndi wofiira. Madzulo a tsiku limenelo ndinawapeza Ticha atakhala pakhonde, duku lili pamiyendo.

"Mdimawu sindikuuopa, Imelda," anatero. "Koma lero ndauza mwana kuti maso ake akunama. Mwana amakhulupirira mphunzitsi kuposa maso ake. Zimenezo sindingachitenso."

Lachisanu anapereka makiyi a holo kwa abusa. Anakhalako miyezi ingapo, akuvalabe mtundu wa tsiku ngakhale sankatuluka kupitirira pageti, ndipo anamwalira nyengo yozizira, chimanga chitakololedwa kale.

Titaika maliro, achibale anagawa zovala monga mwa mwambo. Zinali zambiri moti pafupifupi mayi aliyense wa mumpingo analandirako. Tsopano umakumana ndi duku lofiira lija pamutu pa mayi wogulitsa masamba, siketi yachikasu pa mtsikana wotunga madzi pachitsime, koma atazisakaniza ndi zina monga timavalira tonsefe. Kreshi ikadalipo. Akuphunzitsa mtsikana wabwino ndithu, Stephanie, amene anamata tchati chatsopano pakhoma, ndipo ana amaimba mitundu m'Chingelezi chokha.

A Sixpence sanatenge kalikonse pa zovala zija. Amadzukabe m'mamawa, n'kukhala pakhonde nthawi imene ana amapita ku kreshi. Mwezi wathawu ndinadutsa pamenepo ndi thumba langa la mpunga, ndipo ndinawafunsa ngati sasungulumwa kukhala okha chomwecho.

"Kusungulumwa n'kochepa," anayankha. "Chovuta ndi m'mawa. Ndimatsegula wadiropu kuti ndisankhe za lero, ndiye ndimapeza mahang'ala okhaokha."

Anandisunthira pabenchi, ndinatula thumba, ndipo tinakhala pamenepo mpaka mwana womaliza atadutsa.