Oiva Wodzineneza Yekha

Pamtsinje wonse wa Tornio, kumalire ndi dziko la Sweden, munthu amene ankadzineneza yekha kwa oyang'anira nsomba anali mmodzi basi: malemu Oiva Rautio. Anzake akamva injini ya bwato la boma ankabisala m'mabango. Iye ankalikodola ndi chipewa.

Malamulo ankawadziwa kuposa amene anawalemba. Nsomba ya salimoni, imodzi patsiku. Tirauti ikakodwa, ibwerere m'madzi. Harri, kansomba ka chipsepse chachitali kaja, kayambe kayezedwa. M'thumba la jekete ankayenda ndi rula, ndipo anthu amati ngakhale soseji sankaiotcha asanaiyeze.

Amene anazionera ndi Eelis, mnzake wopalasa naye bwato kwa zaka makumi anayi. Chaka china, masiku amene dzuwa sililowa n'komwe, chisalimoni chinameza nyambo ya Oiva Lamlungu madzulo. Chinali ngati mwana wa ng'ombe. Chinawakokera kumtunda, chinawakokera kumunsi. Chitatopa n'kuonetsa mimba pambali pa bwato, Oiva anayang'ana wotchi.

"Seveni yakwana. Mtsinje watsekedwa mpaka mawa madzulo."

"Iwe, koka! Ukonde ndagwira kale!"

"Seveni, Eelis."

"Tsidya ilo la Sweden ikadali sikisi! Ndipalasire konko?"

"Kumeneko amatseka sikisi."

Oiva anawerama, n'kuchotsa mbedza bwinobwino, nsomba ija ulendo. Eelis sanamulankhule mpaka chipale chofewa chinagwa.

Saara Niva anayamba ntchito yoyang'anira mtsinje chaka chimene Hilkka, mkazi wa Oiva, anamwalira. Lolemba lake loyamba anapeza nkhalamba itaima pakhomo pa kaofesi kake kudoko, ndodo yowedzera ili m'manja ngati khanda.

"Bwana, ndabwera. Landani."

"Mwatani, agogo?"

"Tirauti yandifera dzana. Inameza mbedza mpaka kukhosi."

"Munaibwezera m'madzi?"

"Ndinaibwezera, koma inapita chagada."

"Ndiye palibe mlandu."

"Mwana iwe, sukulu yake unaphunzira kuti? Lemba!"

Saara analemba kuseri kwa pepala lokulungira buledi, n'kumuthirira khofi. Wolakwayo anakhala maola awiri, namaliza mabisiketi onse.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse, tsiku limene mabwato onse amakhala pamtunda, Oiva ankatulukira ndi mlandu watsopano. Tsiku lina anati walota akutchera ukonde pamalo oletsedwa. Lina anati wayang'ana salimoni ndi maso anjala mtsinje uli wotseka. Sabata imene madzi anafunda kwambiri, anthu n'kupemphedwa kuti azisiye kaye nsomba zipume, anabwera nkhope ili pansi.

"Ndaviika mapazi mumtsinje, bwana. Ndipo mapazi angawa ndi otentha."

Saara ankaseka mpaka misozi. Koma Lolemba lina linamupeza zitamukwana. Udzudzu unali utamudya sabata yonse, alendo ochokera kumwera anali atamutukwana chifukwa cha ziphaso, ndipo wina anali atabisa tirauti zitatu m'jombo. Oiva atangotsegula pakamwa, iye anamudula.

"Agogo, ndili ndi olakwa enieni pano. Pitani kunyumba."

Oiva anavala chipewa chake. "Chabwino, bwana."

Lolemba lotsatira sanabwere. Linalo, zii. Saara ankati akamva mapazi pamatabwa a doko n'kudzutsa mutu, koma anali ena. Lolemba lachitatu anatseka ofesi, n'kupalasa njinga mpaka kumapeto kwa mudzi.

Anamupeza atakhala patebulo, mbale imodzi ya mbatata yozizira ili patsogolo, wailesi ili chete. Magalasi a Hilkka anali akadali pawindo. Oiva sanadzuke, ndipo anaoneka wamng'ono kusiyana ndi mmene ankaonekera kudoko.

"Masiku enawa mtsinje umandisunga," anatero akuyang'ana panja. "Koma Lolemba ndi lalitali, mwanawe. Nyumba ino imandiyang'ana."

Kupepesa Saara ankafuna, koma anadziwa kuti munthu uyu kupepesa kumuchititsa manyazi. Anatulutsa kabuku kake.

"A Rautio, ndamva kuti muli ndi mlandu."

Nsidze za Oiva zinakwera. "Uti?"

"Kujomba. Masabata atatu osadzineneza."

"Aaa, umenewo ndi waukulu," anatero Oiva akukankha mpando ndi phazi. "Khalani pansi, bwana. Umenewo sungathe lero."

Sunathedi. Anauzenga zaka zitatu, Lolemba lililonse, mpaka Oiva anamwalira mwezi wa Epulo, madzi oundana asanasweke. Pamaliro Eelis anasimbanso za chisalimoni chija, ndipo tsiku limenelo chinali chitakula kufika pa ng'ombe yeniyeni. Anthu anaseka m'tchalitchi, Eelis n'kukhala pansi asanamalize.

Chaka chino nsomba zakwera mtsinje bwino, madzi ndi ozizira, alendo adzaza. Komabe mtsinje ukumveka ngati nyumba imene achotsamo katundu. Sabata yatha masana, Saara akuyendera mabwato, anaona Eelis akupalasa yekha pafupi ndi mathithi, bwato lake litakweza mbuyo, likungopotolokera mbali imodzi. Anazimitsa injini n'kuyandikira.

"Madala, chiphaso."

"Chantchito yanji? Ukuona mbedza muno?"

Munalibedi ndodo, munalibe ukonde.

"Nanga mukutani?"

"Ndikupalasa. Aletsanso zimenezo?"

"Ayi."

Eelis anayang'ana thabwa lopanda munthu kumbuyo kwa bwato, kenako anayang'ana madzi.

"Bwato ili analipangira anthu awiri," anatero. "Kumbuyoku kukapepuka silimvera nkhafi."

Mabwato ena khumi ankamudikira Saara kumunsi. Anamangirira lake pamwala, n'kulowa m'bwato la Eelis, n'kukhala pathabwa paja. Bwato linakhazikika m'madzi.

"Ndiwe wopepuka," anang'ung'udza Eelis, akuviika nkhafi. "Koma khala pomwepo."