Tsiku Lomwe Ndinathawitsa Anthu pa Nyumba ya Makina

Mkazi wanga, mayi a Esita, amati nkhaniyi ndisamaikambe pagulu. Koma dera lathu lonse la Chipadze likuidziwa kale, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndinakalambira pansi pa mgodi ku Jumbo. Ntchito yanga inali kugogoda mwala ndi chitsulo anzanga asanalowe. Ukalira kuti ngwe, lowani. Ukalira ngati ng'oma, thawani, ukugwa umenewo. Khutu langa silinaphetsepo munthu (lembani zimenezo).

Titachoka pa komboni tinkakhala m'kachipinda ka lendi, bedi ndi mbaula kuyang'anizana. Ndiye dzina lathu litalowa pa mndandanda wa nyumba zotchipa, mayi a Esita anavina. Kenako eni ntchitoyo anatiitana tonse kukaona mamangidwe ake. Ati palibe njerwa, amanga ndi makina.

Ndinavala jekete yanga ya ku tchalitchi. Tinapeza chimakina chikuyenda chokha, chikufinya konkire ngati mankhwala otsukira mano, mzere pamwamba pa mzere. Anthu kukamwa yasa. Ine ndinapita pa nyumba ina youma kale n'kugogoda khoma ndi ndodo yanga.

Ng'oma!

"Basopa!" ndinakuwa. (Mawu anga safuna chimkuzamawu.) "Tizai! Thawani! Ikugwa iyi!"

Abale, munthu amathamanga. Azimayi anataya nsapato, mkulu wina wa tayi analumpha mulu wa mchenga. Ine ndinakoka mayi a Esita mpaka duku linagwa.

Nyumba ili chiimire.

Kunabwera mtsikana wa chipewa cholimba, injiniya wa ntchitoyo. "Sekuru, chii?" anandifunsa m'chilankhulo chawo, kutanthauza kuti agogo, n'chiyani.

"Mwana wanga, khoma ili n'lamphako."

"Ehe, timasiya dala mpata m'kati, kuti m'nyumba musamatenthe."

Anthu anayamba kubwerera akuseka. Ine pofuna kuonetsa kuti manyazi ndilibe, ndinati, "Ndimakuyesani chabe," n'kutsamira khoma lapafupi ngati bwana. Linali lomwe makina anali atangodutsapo. Chigongono chinalowa, phewa linatsatira, khoma n'kugwera m'kati ngati phala. Makina anawazimitsa.

Mayi a Esita sanakalipe. Anangonong'ona kuti, "Bambo a Esita, akatifufuta pa mndandanda, mukagone ku mgodi kwanuko."

Masabata atatu sindinaponde ku bawa, ndipo kunyumba ndinkalankhula motsitsa mpaka oyandikana nafe anabwera kudzazonda matenda. Kalata itafika ndinapatsa mwana wathu Esita kuti awerenge (vuto ndi maso, osati sukulu). Dzina lathu linalipo. Pansi pake injiniya uja anawonjezera ndi bolopeni: "Sekuru abwere opanda ndodo."

Tikukhalamo tsopano. Nthawi yotentha mumazizira bwino, ndikuvomera, mtsikana uja sananame. Koma bedi ndinalikokera pafupi ndi chitseko, nsapato zimagona pamenepo zitaloza kunja. Mayi a Esita akafunsa, ndimati ndimakonda kamphepo.