Thobwa Langa ndi Timasetilaiti ta Tadala

Amene akuti ndine wabodza abwere pa Chinsapo pano adzandiuze pamaso, ine Nangozo, amene sindinapondemo m'kalasi ngakhale pothawa mvula! Lemba, Tadala, usadumphe kanthu.

Mdzukulu wangayu anasiya ntchito ya fodya ku Kanengo n'kuyambitsa kakampani ndi anzake awiri, ati kopanga timasetilaiti, tizitini tonga ta mkaka, toti tizikazungulira kumwamba n'kumauza alimi za mvula. Chiroketi chonyamula tizitinito anakawotchereretsa ku Mchesi. Tsiku loulutsa, pabwalo la mpira, anthu mpaka m'mitengo, chinthu chija chinangotsokomola kawiri n'kugwa chammbali ngati chidakwa. Anthu kuseka! Mwanayu anafika pakhomo maso ali psuu, n'kuunjika mapepala ake onse pambaula.

"Basi agogo, ndizikagulitsa kaunjika."

Ndinati, "Siya machesiwo. Munachimwetsa chiyani?"

"Mafuta."

"Mafuta ndi a minibasi, mwana iwe!"

Mukumva? Ine thobwa ndalifulula moyo wanga wonse, ndimadziwa ukali wake likasasa. Kuseri kunali mgolo wathunthu wotsala paukwati, utatha masabata atatu padzuwa uli chitsekere, ukung'ung'udza wokha moti agalu ankaulambalala, ndiye ndinausenza ndekha mpaka kubwalo, n'kumangirira tizitini tija pachivundikiro ndi mphira, kalikonse nditakafunditsa kansalu poti kumwamba kumazizira, kenako kuugwedeza mgolowo, kuugwedeza, kuugwedeza, n'kuumenya ndi mthiko kamodzi kokha: phuu! Malata a Chinsapo yense anasasuka n'kubwerera okha pamisomali yake, maminibasi a ku Area 36 anafika m'tauni makondakitala akuitanirabe pasiteji, dzuwa linasendera pambali kuti tizitini tidutse, ndipo masiku atatu kunagwa mvula ya thobwa, anthu a ku Biwi akungoyenda kukamwa kuli yasa. Ndikulumbira, pali Mulungu! Mukumva?

Tadala mapepala aja sanawotchenso. Anaseka mpaka misozi, atanyowa thobwa thupi lonse, m'mawa mwake uyo ku Mchesi, ndipo mpaka lero akukhoma chiroketi chachiwiri.

Ukuti chiyani, iwe? Kachitini kamene kanapezeka padenga la bafa la a Chisale, oyandikana nafewa? Kamenekotu kanafika kumwamba, kanayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti kulibe agogo, basi n'kubwerera. Usaseke. Lemba choncho!