Manja Oyabwa Sabata ya Chinkhoswe

Lolemba
Manja akundiyabwa, afiira mpaka povala wotchi. Loweruka ndi chinkhoswe changa, koma chala cha mphete chatupa ngati chinangwa. Ndine wa mu labu, malungo ndimawapeza m'magazi a anthu tsiku ndi tsiku. Ichi sichingandikanike. Ndikukayikira zitatu: sopo watsopano, mafuta odzola a pamsika wa Lirangwe, matemba.

Lachiwiri
Sopo ndasiya. Mafuta ndasiya. Kuyabwa sikunasiye. Amayi kunyumba ku Chileka akuti ndi chitedze. Chitedze mu labu?

Lachitatu
Matemba ndasiya, mazira ndi nsinjiro zomwe. Kuti manja atetezeke ndikuvala magolovesi awiriawiri tsiku lonse. Poweruka, matuza. Kuyetsemulanso kwayamba. Sindikumvetsa.

Lachinayi
Mu minibasi mayi wina wasendera kutali: "Mphere zimenezo, achemwali." Azakhali akuti alipo amene sakulifuna banjali. A Fred, abambo odzandikwatirawo, pafoni: "Kodi n'zopatsirana?" Ndadula.

Lachisanu
A Mbewe, akulu athu mu labu, abwerako kutchuthi. Ayang'ana manja anga, ayang'ana bokosi la magolovesi. "Simukuona kuti zalekera pomwe golovesi amalekera? Thupi lanu ladana ndi latekisi, mphira wa magolovesi oyerawa. Kuyetsemulako ndi ufa wakewo." Ndati ndawavala zaka zinayi osamva kanthu. Akuti zimayamba choncho. Ndawauza za awiriawiri aja, akhala kaye pansi. Andipatsa a buluu opanda latekisi, saizi ya manja a mlimi, ndi kunditumiza kwa adokotala. Ndalandira mapilitsi ndi mankhwala opaka. Chiyembekezo chilipo.

Loweruka
M'mawa ndathandiza okongoletsa kuuzira mabaluni. Palibe anandiuza kuti baluni ndi mphira womwewo! Milomo yatupa ngati yolumidwa ndi mavu. Mphete yakanira pamfundo. A Fred akukankha, thukuta kamukamu, amayi a nthungululu akudikira manja ali pakamwa. Yalowa kukachala kakumapeto.

Lamulungu
Zithunzi zafika pafoni, sindikudzizindikira. Apongozi akuti apeza mkamwana waulemu, tsiku lonse osayankhula. A Mbewe atumiza mndandanda wa zopewa: mabaluni, lasitiki, mwinanso nthochi ndi mapeyala. Akuti ndikadzamva kubanika ndithamangire kwa adokotala. Chomaliza sanachitchule dzina, angolemba kuti, "Ichi mukambirane ndi abambowo, amagula ndi iwo." Ndawerenga katatu ndisanamve kuti akunena mphira wa kuchipinda uja. A Fred ali pakhonde, akudya nthochi mwamtendere. Ndiwauza akamaliza.