Zavomerezedwa ndi a Wapampando

Lolemba

Mwayi wandigwera! A Mulipa, wapampando wa makalabu a madimba kuno ku Domasi, andiitana. Atopa n'kusayina pamanja. Akufuna kuti pansi pa tsamba lililonse la malipoti a makalabu pazikhala mawu akuti "Zavomerezedwa ndi a Wapampando." Malipotiwo awerengedwa Lachisanu pamaso pa alangizi a zaulimi.

A Mulipa ndi amalume ake a Tadala, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Ankhoswe anga akudikira yankho chikololereni chimanga, iwo amangoti, "Tiyambe taona ngati mnyamatayu ali ndi ntchito." Ntchitoyo ndi imeneyi.

Malipoti ali mu laputopu ya bungwe. Mlembi wakale anasiyamo kasikiripiti, timalamulo toyendetsa pa chiwindo chakuda chija, koika dzina la bungwe pamwamba pa tsamba. Changa n'kuwonjezera lamulo limodzi: ukapeza mawu akuti "Tsamba", paja pamakhala nambala m'munsi, ika mawu a Wapampando pansi pake.

Ndawauza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndinaphunzira makompyuta ku Zomba ine, setifiketi ili pakhoma.

Zofunika:
- kutchaja laputopu
- kusita shati yoyera
- kuyeseza kayendedwe ka mkamwini wophunzira

Lachiwiri

Lamulo ndaika. Ndadina. Zatheka!

Zatheka moipa. Tsamba lililonse linali lodzaza kale, ndiye mawu aja akugwera patsamba lotsatira, okhaokha. Tsamba la nkhani, tsamba loyera lovomerezedwa, tsamba la nkhani, tsamba loyera lovomerezedwa. A Wapampando akuvomereza mapepala opanda kanthu.

Ndakonza. Ndisanaseve, magetsi thii! Batire ya laputopuyi imakhalitsa ngati mame.

Amayi akudutsa ndi lichero: "Mphindi zako zija sizinakwanebe?"

Lachitatu

Ndili ku Naisi kwa wometa wina amene ali ndi sola. Ndikugwira ntchito tsitsi la anthu likugwera pa mabatani.

Ndaiwala kuti dzulo ndinayendetsa kale sikiripiti, ndayendetsanso. Mawu aja atuluka kawiri. Ndayendetsanso kuti ndione chavuta n'chiyani. Katatu! A Wapampando akungovomera ngati mpingo pa ameni.

Ndachotsa zowonjezerazo, kwatulukira lina. Alembi a makalabu aliyense analemba mwake. Wina "Tsamba", wina "TSAMBA", wa ku Malemia "tsamba". Sikiripiti ikudumpha enawo. Ndiye ndaiuza mwachimuna: usasankhe, chilembo chachikulu kaya chaching'ono, tsamba ndi tsamba.

Nzeru zoterezi sagula pamsika.

Lachinayi

Zayenda! Ndayang'ana m'munsi mwa masamba onse, mawu ali mbee pamalo pake. Pakatipo sindinawerenge. Za mbozi ndi feteleza amawerenga ndani?

Ndapulinta ku Malosa. Mapepala achulukirapo pang'ono, koma mwina ndi khalidwe la makinawo. Wakabaza wagawa kumakalabu onse.

Tadala pafoni: "Amalume akuti mwina muli ndi mutu." Mwina! Ndavina pamsewu, minibasi yaima kuyesa ndikuikwezera dzanja.

Lachisanu

Mayo ine.

Msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Ndakhala kutsogolo, shati yoyera, mwendo pamwamba pa unzake. Mayi Nachisale, mlembi wa kalabu ya amayi, aimirira n'kuyamba kuwerenga:

"Mbozi zaboola tsamba lililonse la kabichi. Zavomerezedwa ndi a Wapampando."

Alangizi atsokomola.

"Nsabwe zadzaza kunsi kwa tsamba la mpiru. Zavomerezedwa ndi a Wapampando."

Mwendo ndatsitsa. Apa m'pamene ndakumbukira kuti tsamba si la buku lokha. Anthuwa amalima masamba! Lipoti lonse ndi tsamba, tsamba, tsamba, ndipo sikiripiti yamvera monga ndinailamulira.

Kenako mbuzi. Mwezi watha mbuzi zinalowa m'dimba la amayiwa. Mudzi wonse ukudziwa kuti ndi za a Mulipa, iwo akukanitsitsa mpaka lero. Mayi Nachisale akonza mpango, akweza mawu:

"Mbuzi zinalowa m'dimba lathu, sizinasiye tsamba ndi limodzi lomwe. Zavomerezedwa ndi a Wapampando."

Nthungululu! Mayi wina kumbuyo: "Avomera! Zalembedwa ndi kompyuta, avomera!" Alangizi abisa nkhope m'chipewa, mapewa okha akugwedezeka.

A Mulipa angotembenuka n'kundiyang'ana. Shati yanyowa mpaka mu lamba.

Loweruka

Ndalawira kukonza. Lamulo latsopano: fufuta mzere uliwonse wokhala ndi mawu akuti "Wapampando". Ndadina.

Yafufutadi. Zapita:
- mawu ovuta aja
- dzina la a Mulipa pachikuto
- moni wawo kwa alangizi
- pamene makalabu amawathokoza

Bungwe lilibenso wapampando. Dzulo ndinawavomeretsa mlandu, lero ndawachotsa pampando. Kope lina sindinasunge. Ku Zomba anatiphunzitsa zosunga kope, koma tsiku limenelo ndinapita ku mpira.

Pamsika tayala la njinga laphulika, ogulitsa tomato onse pamodzi: "Zavomerezedwa!" Andiona, andiwombera m'manja.

Tadala sakuyankha foni. Apa nthabwala palibe, mtima ukundiwawa. Mtsikanayu ndimamukonda, ndipo ndikumutaya chifukwa cha mpiru.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yomaliza, kuseri kwa chipilala. Ndamva kuti a Mulipa anapita dzulo kwa amayi aja kukapepesa. Akuti anati munthu sungalimbane ndi chinthu chimene chili m'manja mwa kalabu iliyonse.

Masana uthenga wa Tadala: "Amalume akuti ankhoswe abwere. Akuti munthu woopsa ngati inu ndi bwino akhale pafupi, azimuona. Mawa mulawire kudzamanga khola la mbuzi, mukamaliza mukawokere mpiru m'dimba la amayi aja. Mubwere ndi khasu, laputopu mubweze."

Basi. Setifiketi ikhale pakhoma, nsungwi ndikadula mawa. Shati yoyera ndaipinda.

Ndamufunsa ngati zonsezi n'zoona, ngakhale za ankhoswe.

Wayankha: "Zavomerezedwa ndi a Wapampando."