Tsiku Lomwe Ndinaba Nkhalamba ya Eni Ake

Anzanga, ine sindinapemphe zambiri kumapeto a chaka chathachi. Ndinangofuna masiku awiri ogona, osadzutsa munthu, osasambitsa munthu, osamva belu likulira m'khonde. Ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba kuno ku Leicester, ndipo Disembala yense ndinakhalira mashifiti mpaka msana unayamba kundiyankhula. M'basi ya ku Braunstone ndinkagona, woyendetsa n'kumachita kundidzutsa. Ndiye mnzanga Mailesi, wa ku Zambia amene amakhala ku Hyson Green, atandiimbira kuti iye ndi amuna ake, a Zulu, apeza kanyumba kalendi kumapiri a Derbyshire, kutchire kwenikweni kopanda ndi netiweki yomwe, ndinavomera asanamalize n'kufotokoza komwe. Kopanda netiweki ndiye kuti abwana sangandiimbire kuti ndikagwirizire shifiti ya wina. Ndinalumbira pamaso pa Mailesi kuti masiku awiri amenewo sindisamalira munthu aliyense, ngakhale wina atatsamwidwa ndi fupa pambali panga.

Tinanyamuka masana a tsiku lomaliza la chaka, galimoto itadzaza nkhuku, mpunga, mandasi ndi tsabola wa ku Belgrave. A Zulu ankayendetsa, Mailesi ali pambali pawo akulimbana ndi mapu, ine ndili kumbuyo nditafunda chitenje, tulo tikubwera kale. Titasiya msewu waukulu tinalowa tinjira tija ta m'mapiri toti mukakumana awiri wina abwerere chambuyo. Mipanda yamiyala mbali zonse, nkhosa, chifunga, ndi kamvula kozizira ngati kochokera m'firiji. Nyumba sinkaoneka ndi imodzi yomwe.

Apo ndi pomwe ndinawaona. Agogo aamuna achizungu, okhaokha, ndodo m'manja, tsitsi lili mbuu, akukwera chitunda mvula ikuwakwapula. Thalauza linali matope mpaka m'mawondo.

Tsono inu mundiuze, munthu woleredwa ku Ntcheu angadutse nkhalamba pamvula m'galimoto muli malo? Kwathu ukatero nkhani imafika kwa amayi ako iwe usanafike. Ndiye muwonjezerepo ntchito yangayi. Ine ndikaona nkhalamba ikuyenda yokha kutali ndi nyumba, mutu wanga umangoti wina wasiya chitseko chosakhoma. Lumbiro lija linathera pomwepo, ndinagwira a Zulu paphewa kuti aime.

Mailesi anayesa kundiletsa. "Iwe Tiya, uyu mudala ali che bwino. Azungu amayenda so, ni exercise." Ndinamuyankha kuti masewera anji tsiku ngati limeneli, munthu wamsinkhu woti aziotha moto zidzukulu zikumukanda kumsana. Ndinatsika.

Ndinawapatsa moni ndi mawu aja timayankhulira kuntchito, apang'onopang'ono, mano onse ali pamtetete. Anati dzina lawo ndi Dennis, ali bwinobwino, akungowoloka phirilo kupita ku bala ina yomwerako mowa ya kuseri kwake komwe akazi awo, a Maureen, akuwadikira.

Chisoni chinandigwira. Mawu amenewo ine ndimawamva tsiku ndi tsiku. Kuntchito kwathu kuli agogo ena amene madzulo aliwonse amavala jekete n'kukaima pakhomo ati akazi awo akuwadikira, chonsecho mayiwo anaikidwa m'manda kalekale. Ndipo tinaphunzitsidwa kuti munthu wotere sutsutsana naye, umangovomera n'kumukhotetsa bwinobwino. Ndiye ndinati inde, a Maureen akudikiradi, bwanji tikuperekezeni pagalimoto kuti asadikire nthawi yaitali? Anakana. Ndinaumirira. Anakananso, koma mwaulemu, ndipo mzungu wa kuno akakana mwaulemu kangapo mphamvu zimamuthera. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana phiri, n'kunena kuti mwina poti mvula yakula. Analowa.

A Zulu anafunsa njira ya kubalako, agogo n'kuyamba kulongosola momveka bwino, molunjika apa, kumanja pamlatho. Ine ndikumwetulirabe ndinayankhula m'Chichewa kuti mwini wake asamve. "Achimwene, musamvere zimenezo. Mayiwo anamwalira. Tiyeni kunyumba tikawafunditse, kenako tikaimbe foni." A Zulu anandiyang'ana pagalasi n'kufunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinawauza kuti ntchito imeneyi ndinayamba kale, iwo azinyamula makatoni awo ku weyahausi asandiphunzitse za okalamba. Anangoyendetsa galimoto bambo wa eni ake. Pamlatho paja tinakhotera kumanzere.

A Dennis anati mwina taphonya njira. Ndinati iyi ndi yachidule. Kanyumba kathu kanali kutsidya lina la chigwa, ndipo titafika ndinawauza kuti tikungotsitsa katundu, alowe amweko tiyi. Ulemu womwe uja unawalowetsa. Ndinawakhazika pafupi ndi moto, n'kugwada pansi kuwavula majombo onyowawo, iwo akungoti palibe chifukwa, palibe chifukwa. Majombowo ndinakawabisa kubafa, kuseri kwa chimbudzi. Munthu wopanda nsapato sathawa. Imeneyo sitinaphunzitsidwe, ndinaitulukira ndekha.

Kenako ndinayamba kuwayesa mafunso mochenjera, lero ndi lachingati, tili mwezi wanji, nduna yaikulu ya dziko lino ndani. Anayankha zonse, mpaka kuwonjezerapo maganizo awo pa ndunayo. Mailesi anandikokera kukhitchini. "Tiya, mutu wa mudala uli fine. Ndiwe uli na problem." Ndinamuuza kuti odwala otere amakhala ndi masiku abwino, ndipo tsiku labwino ndiye loopsa chifukwa amapusitsa anthu osadziwa ngati iyeyo.

Titabwerera tinapeza agogo ataima pawindo, foni ili m'mwamba, akusaka netiweki yomwe ife tinabwera kudzaithawa. Anatifotokozera kuti chikwatiranireni, ine ndisanabadwe n'komwe, tsiku lomaliza la chaka chilichonse iwo amawoloka phiri limenelo wapansi, akazi awo n'kuzungulira pagalimoto kukawachingamira kuseri, ndipo a Maureen sakonda kudikira. Ine misozi inalengeza m'maso. Ndinati m'mtima chikondi chake chotere, munthu kumawoloka phiri kutsatira malemu. Ndinawawonjezera mandasi.

Nthawi yonseyi bedi langa linali m'chipinda cham'mwamba, loyalidwa bwino, ndipo ndinaliona kamodzi kokha pokasiya chikwama. Malinga ndi pulani yanga ndinayenera kukhala ndikuliza mkonono. M'malo mwake ndinali pa shifiti yosalembedwa ndi munthu, kuyanika masokosi a bambo wosamudziwa, kumutenthetsera mpunga, nkhuku n'kumudulira tizidutswa kuti asatsamwidwe. Maso ankandiwawa, koma ndinkadzimva kuti ndine munthu wabwino kwambiri.

Kunja kunada msanga monga kumachitira nyengo yozizira. A Dennis anafunsa majombo awo, ndinati akuuma. Anafunsanso, ulemu uja utayamba kupyapyala. Mapeto ake ananyamuka ndi masokosi okha kulunjika kukhomo, ine n'kukaima pachitseko manja nditatambasula, ndikuwafunsa ngati angakonde tiyi wina. A Zulu zinawakwana. Anatenga tochi n'kunena kuti akukwera chitunda kukasaka netiweki, aimbire aboma nkhaniyi ithe.

Sanachedwe, ndipo sanabwere okha. Panja panaima chigalimoto cha mlimi wina, m'menemo mukutsika anthu ovala majekete owala, matochi pamphumi, ndi galu yemwe. Anali anthu aja odzipereka kusaka osochera m'mapiri, ndipo anali atasakasaka phiri lonse pamvula akukuwa dzina la a Dennis, mpaka kukumana ndi a Zulu pamsewu. Pambuyo pawo panatsika mayi wamfupi, wa imvi, ambulera ili m'manja, n'kulowa m'nyumba popanda ndi odi yemwe. A Dennis anangoti, "Maureen."

Ine ndinali ndi mbale ya mpunga m'manja. Ndipo pa mawu onse a Chingerezi amene ndaphunzira m'dziko lino, pakamwa panga panasankha funso limodzi, lomveka bwino, pamaso pa anthu onsewo.

"Kodi inu muli moyo?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale galu anakhala pansi. Mailesi anathawira kukhitchini ndipo ndinkamumva akuseka ataluma kansalu kopukutira mbale. A Zulu ndi amene anafotokoza zonse, kuyambira pachitunda mpaka pamlatho, osasiya ndi zoti iwo amanyamula makatoni zomwe. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. A Maureen anamvetsera mpaka kumapeto osandichotsa diso, kenako n'kufunsa komwe kunali majombo a amuna awo. Ndinapita kubafa anthu onse akundiperekeza ndi maso, n'kubwera nawo majombowo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

Mmodzi wa osakawo anafunsa a Dennis ngati akufuna kuti nkhaniyi ipite kupolisi. Anati ayi, mandasi anali okoma. Ndinapuma. Koma a Maureen anali asanamalize. Anati amuna awo sanalepherepo kumaliza ulendo umenewu, ndipo poti ine ndi amene ndinawachotsa pamsewu, mawa m'mamawa tikumane pachitunda pomwepo, ndiwaperekeze wapansi mpaka kuseri kwa phiri, popeza ndimada nkhawa kwambiri akamayenda okha. Mukanakhala inu mukanakana? Ndinavomera nditapinda mawondo.

Chaka chatsopano tinachilowa atatu monga tinapanganira, koma chisangalalo chinali cha awiri. Mailesi ndi a Zulu anavina mpaka thukuta, ndipo akakweza matambula ankati tikumbukire malemu a Maureen, mzimu wawo uziyendetsa galimoto mumtendere. Ine ndinakwera kukagona pabedi langa lokongola lija, koma tulo tinakana. Ndikangotseka maso ndinkamva mawu anga omwe akufunsa funso lija.

M'mawa kusanayere bwino ndinali pachitunda, nditavala majombo a a Zulu a ku weyahausi, olemera ngati njerwa, chifukwa ine ndinangotenga nsapato zovinira. A Dennis anafika ali mwee, n'kundifunira chaka chabwino ngati palibe chinachitika. Tinayamba kukwera. Anzanga, nkhalamba ija imayenda. Ine mpweya ukundithera, iwo akuimba mluzu kutsogolo, akafika pampanda wamiyala n'kudumpha, n'kuima kundidikira uku akundiuza mayina a mapiri amene sindinawafunse. Mphepo inkandimenya mbama mbali zonse. Ndinaterereka n'kukhala m'matope osakanikirana ndi ndowe za nkhosa, nkhosazo zikundiyang'ana osasiya kutafuna. Pamwamba penipeni anati ndione kukongola kwa dziko. Ine ndinkangoona nyenyezi masanasana.

Tinatsikira kuseri dzuwa litapendeka, ine ndikukoka miyendo, matope mpaka m'chiuno. A Maureen anali m'galimoto yofunda, tiyi ali m'manja. Anatsitsa galasi, anayang'ana wotchi, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe ukuoneka wotopa kwambiri," anatero. "Kodi kuntchito kwanu sakupatsani masiku opuma?"

Mawa lake m'mamawa ndinali pa shifiti, ndikuyenda chogwira khoma, agogo a ndodo ziwiri akundipitirira m'khonde.

Ndiye ndalumbiranso, ndipo ulendo uno ndalumbira ndili m'maso. Nkhalamba ya kuno ndikaipeza panjira, kaya kukugwa matalala, kaya ikukwera phiri chokwawa, ine ndizingoibayibitsa galimoto ikuthamanga. Ndipo mkazi wa munthu sindidzamuphanso ndisanaone manda ake.