A Bushta, Ejenti Wosocheretsa Anthu

Mu mzinda wakale wa Fesi munalibe munthu wokayikira anzake ngati malemu a Bushta. Ukawapatsa moni ankayamba asuzumira kumbuyo kwako kuti aone amene wakutuma. Ukawayamikira kuti mkanjo wawo ndi wokongola, ankagwira m'thumba. Ndiye munthu wotereyu n'kukhala ejenti wa nyumba, abale inu, ntchito yofuna kukhulupirirana.

Poyamba ankagwira ntchito pa ofesi ya munthu wina ku tauni yatsopano. Anasiya tsiku limene bwanayo anawagulira tiyi osapemphedwa. "Bwana akayamba kukoma mtima ndiye kuti wapeza kale wina," anatero, n'kubwera kudzatsegula bizinesi yawoyawo pa benchi ya m'shopu ya Lahsen wometa tsitsi. Chikwangwani anakana.

"Nanga anthu adziwa bwanji kuti muli pano?" anafunsa Lahsen.

"Wofunadi nyumba andipeza. Chikwangwani chimaitana akazitape."

"Akazitape a ndani?"

"Ukufunsiranji? Wakutuma ndani?"

Chimene ankaopa kwambiri n'chakuti munthu akaiona nyumba abwererako yekha mawa n'kukagwirizana ndi mwini wake, ejenti n'kutsala manja ali m'khosi. Choncho sankapita ndi munthu molunjika. Nyumba ili apa pomwe, iwo ankayamba akudutsitsa kwa ofufuta zikopa kuti fungo likuzunguze mutu, kenako kulowa nawe khomo ili la msika n'kutulukira lina, kenako m'tinjira toti bulu akabwera umamatirira kukhoma. Mphunzitsi wina ananyamuka nawo atangometa ndevu, ndipo Lahsen amalumbira mpaka lero kuti anabwerako zitameranso.

"Nyumbayo ndaikonda," anatero mphunzitsiyo akupuma wefuwefu, "koma ili kuti?"

"Musaine kaye."

"Ndikasaina ndizikafikako bwanji?"

"Muzolowera. Anzanu onse anazolowera."

Dokotala wina anavomera lendi osanenerera, a Bushta n'kumubweza pakhomo, ati munthu wosanenerera alibe maganizo olipira. Mwini nyumba akapaka penti yatsopano, iwo ankapala khomalo ndi kiyi, wofuna nyumba akuona, kuti adziwe chimene chikubisidwa.

Lahsen ankaseka zonsezi, n'kumazifotokozera aliyense wokhala pampando wake, pakuti mwamunayu pakamwa pake sipankapola. Anasiya kuseka tsiku limene mlongo wake Mbarka anatulukira kuchokera kumudzi, diso litatupa, kamtsikana kake kali kumsana. Mwamuna wake Allal, wogulitsa nkhosa, anali atalumbira kuti akamupeza adzamubweza atamumanga ngati nkhosa. Lahsen anagwidwa ndi mantha, n'kuwadandaulira a Bushta. Iwo anamutenga mayiyo m'mawa womwewo, masana n'kubwerera okha.

"Mwamuika kuti?"

"Pabwino."

"Ndine mlongo wake, a Bushta."

"N'chifukwa chake. Iwe chinsinsi umachisunga mpaka wina akhale pampando apo."

Lachisanu lililonse akaweruka ku mzikiti a Bushta ankamuperekeza Lahsen kukadya kwa mlongo wake, njira ya lero yosiyana ndi ya sabata yatha. Akalowa, Lahsen ankangoona bwalo la mkati ndi kumwamba basi, poti nyumba za kuno zilibe mawindo oyang'ana kunja, ndipo padenga ndi pa amayi, mwamuna sakwerapo. Ulendo wina anabisa choko m'manja n'kumalemba kamtanda pokhota paliponse. Kutacha anapeza timitanda pa ngodya iliyonse ya dera lonselo, a Bushta ali phee pa benchi, zala zili mbuu.

Kenako Allal anafika, atanyamula shuga wopepesera, mawu ali ofewa.

"Alamu, ndinalakwa. Ndasintha. Ndingoona nkhope ya mwana wanga."

Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo mtima wa Lahsen unasungunuka. Akanakhala kuti njira akuidziwa, akananena pompo. Anayang'ana a Bushta mowapempha.

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero a Bushta.

Anayenda naye mpaka dzuwa kupendeka, n'kukamusiya pa depoti ya basi zopita kwawo. Allal atazindikira anawagwira pakhosi, akutukwana kuti hule ameneyo adzamuthyola miyendo.

"Eyaa, mawu amenewo ndi amene ndimadikira," anatero a Bushta akukonza kolala. "Basi yanu ndi iyo."

A Bushta anamwalira m'nyengo yozizira atadwala pang'ono, akukana mankhwala mpaka dokotala alawe kaye. Onyamula maliro ankanong'onezana kuti aka n'koyamba a Bushta kuyenda njira yolunjika. Lahsen sanaseke nawo. Lachisanu lake anayima pakhomo pa mzikiti popanda womutsogolera. Anayesa yekha, anasochera, anagogoda makomo a eni ake, koma kufunsa dzina la Mbarka ankaopa. Anabwerera ku shopu miyendo ikuwawa, n'kulira ngati mwana, poganiza kuti mlongo wake wamutaya ali moyo.

M'mawa mwake, anthu asanayambe kubwera, munalowa mayi wophimba kumaso.

"Achimwene, dzulo munalira mokweza."

"Mbarka? Wamva kwa ndani?"

"Ndimakumvani tsiku lililonse. Nkhani ya mphunzitsi ndi ndevu ija ndatopa nayo." Anagogoda khoma la kuseri kwa galasi. "Khitchini yanga ndi iyi. Khomo lokha ndi limene lili m'kanjira kena. A Bushta anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni iwo ali moyo."

Lahsen anangokhala pansi pa benchi, osadziwa ngati aseke kapena atukwane womwalira.

Masiku ano kuli anyamata amene amaonetsa nyumba pa foni, chithunzi ndi njira yake yomwe, ndipo palibe amene amasochera. Benchi ija anthu amaizemba. Ukapereka moni amangoyankha, palibenso wokufunsa kuti wakutuma ndani, ndipo Lahsen amati zimamuwawa ngati kuti anthu asiya kusamala za iye.

Allal atamva za maliro anabweranso. Anakhala pampando, n'kukweza chibwano kuti ametedwe.

"Alamu, dobadoba uja wapita. Tilankhulane ngati amuna tsopano. Ali kuti?"

Nthawi yomweyo, kuseri kwa khoma, kamtsikana kaja kanayamba kuyimba chapansipansi. 

"Njira anapita nayo kumanda eni ake," anatero Lahsen. Ndiye anakweza mawu kuti nyimboyo isamveke. Anafunsa mtengo wa nkhosa osadikira yankho, anadandaula za mvula, anafotokoza za matenda a ndulu a azakhali ake kuyambira pachiyambi, lumo likulira pafupi ndi khutu la Allal ngakhale panalibe chodula. Analongolola mpaka kukhosi kuuma, mpaka mwamunayo anatopa, n'kudzuka sopo ali kutsaya, n'kutuluka akupukusa mutu.

Lahsen anapitiriza kulankhula yekha m'shopu mopanda munthu, maso ali panja, kufikira msana wa Allal utazimiririka pokhota.